Amati Ndimakhala Ola Pansi pa Madzi

Ndinaganiza zochoka kwathu kwa Mavwere tsiku limene amalume anandiuza kuti fizi yatha. Ndinali Fomu 2. Chaka chimenecho anagulitsa fodya bwino ndipo mudzi wonse unaona njinga yawo yatsopano, koma anati ndalama ikukwanira mwana mmodzi basi. Mwanayo anali wawo, Fabiano, msuweni wanga. Bambo anga anali atamwalira kalekale. Amayi anangopitiriza kuswa mtedza pamphasa, osadzutsa mutu. Ndinayang'ana makoko aja n'kunena mumtima kuti pano ine sindikalambirapo.

Lero ndili konkuno. Mukafunsa pamsika wathu kuti Dominiko ndi uti, akuuzani kuti ndi uja anasiya msuweni wake m'madzi. Amaifotokoza nkhaniyo ngati anali m'madzimo. Munalibe aliyense wa iwo. Ndinalimo ndekha, chingwe cha ngolo chili m'chiuno, ndipo moyo umene unatsala pang'ono kuthera pamenepo unali wanga. Ndiye lekani ndiifotokoze ine.

Nthawi imeneyo matipate anali atangobwera kumene. Pa wayilesi ankangoti ufulu, ufulu, koma ufuluwo sunkalemba munthu ntchito. Ndinapita ku bodala ya Mchinji kukatsuka mathiraki. Dalaivala wina amene ankanyamula thonje kuchokera ku Chipata kupita ku Beira ankafuna munthu womulondera katundu akamagona. Pasipoti ndinalibe. Iye anati zimenezo ndi zake, ine ndingotseka pakamwa tikafika pachipata. Titafika ku Beira anandipatsa ya chakudya n'kundisiya. Sindimudandaula, anachita zimene tinagwirizana.

Ndinatsetsereka chakummwera, kunyamula mabokosi a nsomba apa, kukumba dzenje apo, mpaka ndinafika m'mbali mwa nyanja ya mchere cha ku Inhambane. Nkhondo ya ku Mozambique inali itatha ndipo azungu a ku Joni anali atayamba kumanga timisasa taudzu pamchenga. Mmodzi wa iwo, dzina lake Piti, ankatenga alendo paboti n'kukalowa nawo pansi pa nyanja kukaona nsomba. Anyamata a kumeneko ankadziwa nyanja koma Chingerezi ayi. Ine ndinali ndi Chingerezi cha Fomu 2, nyanja sindinkaidziwa. Piti anasankha Chingerezi.

Ntchito yanga yoyamba inali kupopera mpweya m'mabotolo achitsulo amene olowa m'madzi amabereka kumsana. Makina ake amayendera petulo. Piti anandigwira pakhosi la malaya tsiku loyamba lomwelo n'kundionetsa paipi yokokera mpweya. Anati utsi wa injini ukangolowa mmenemo, munthu amakapuma utsiwo ali pansi, n'kuyamba kusinza, osadzukanso. Kuyambira pamenepo mphepo ikangotembenuka ndinkathamanga kukasuntha paipi ija. Boti likapita ndinkakhala pamchenga mpaka libwere ndione kuti mitu yonse ikuyenda. Munthu akachedwa kutsika m'botimo ndinkadziona kale ndili m'manja mwa apolisi, mlendo wopanda pepala amene wapha mzungu.

Apolisiwo ndinkawaopa kuposa mafunde. Galimoto yawo ikatulukira ndinkalowa m'shedi n'kubisala kuseri kwa mabotolo ngati khoswe. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi kukamva Misa ya Chipwitikizi, mawu amene ndinkatolapo anali Ameni yekha. Ndinkakhala masabata osatulutsa liwu la Chichewa, mpaka ndinayamba kumatukwana makina aja m'chinenero chathu kuti lilime lisaume. Ndalama ndinkatumiza kudzera mwa madalaivala a njira ya ku Beira. Zina zinkafika, zina zinkamwedwa panjira.

Kusambira anandiphunzitsa Piti, osati chifukwa chondikonda. Ankafuna munthu wotsatira kumbuyo kwa gulu, kuti mlendo wina asatsalire. Kwathu madzi ambiri amene ndinali nditalowamo anali a m'dambo, ofika m'mawondo. Apa munthu umavala magalasi, lamba wa zitsulo woti umire, mapazi aatali ngati a chule, n'kuluma kapaipi kochokera kubotolo. Kenako umadzigwetsa chagada kuchoka m'boti, thupi lonse likukuuza kuti ukuchita zopusa.

Pansipo pali matanthwe amene amatchula kuti rifi. Ndinena mosabisa, ndi kokongola. Miyala yake ndi yamoyo, ina imamera nthambi, ina imafutukuka ngati bowa wa pachulu. Nsomba zachikasu zimadutsa zambirimbiri osakuopa. Pali ina yaikulu yophwatalala kuposa mphasa, imene imauluka pamwamba pako mpaka dzuwa kuchita mthunzi. Alendo ankatuluka akulira ndi chimwemwe. Ine maso anga ankakhala pa kawotchi koonetsa mpweya wotsala. Ndinkaona nsomba kamodzi, kawotchi kawiri.

Tsiku lina kawotchiko kanandinamiza. Muvi unkaonetsa kuti mpweya ulipo, koma nditakoka ndinamva ngati munthu watseka paipi ndi chala. Ndinakokanso, palibe. Pamwamba pankaoneka patali ngati denga la tchalitchi. Ukathamangira kumeneko mapapo amaphulika, zimenezo ndinali nditauzidwa. Ndinasambira kupita kwa Piti ndikudzicheka pakhosi ndi dzanja, chizindikiro chakuti mpweya watha. Sanafunse kanthu. Anazula paipi yake ina n'kundilowetsa m'kamwa, anandigwira lamba, tinakwera pang'onopang'ono. M'boti ndinasanza. Iye anati, "Mawa ulowanso. Ukapanda kulowa mawa sudzalowanso." Ndinalowa, koma chala chija chotseka paipi sindinachiiwale.

Mlendo wina anandijambula ndili pansi n'kunditumizira chithunzicho. Ndinachipereka kwa dalaivala kuti akachisiye ku boma. Amayi sadziwa kuwerenga, choncho zonse zochokera kwa ine zinkadutsa mwa Fabiano. Iye Fomu 4 anamaliza ndithu, ntchito sanaipeze, anathera pa geni ya panjinga. Nthawi zina ankapita pa kanyumba koimbira foni ku boma n'kuimba pa nambala ya Piti.

"Iwe ng'ona! Ukadali moyo?"

"Ndili moyo, aprofesa a njinga. Amayi ali bwanji?"

"Azakhali ali bwino. Chithunzi chija achiona, akuti mwana wawo walowa gule, wavala chigoba. Tandiuza, umakhalamo nthawi yaitali bwanji mmenemo?"

"Pafupifupi ola, botolo likakhala lodzaza."

"Ola! Iwe amene unkalira tikamakukankhira m'dambo?"

"Ndati ndi botolo, wamva? Mpweya umakhala m'botolo."

"Botolo ndi lako, ola ndi lathu. Ine ndikawauza za ola. Mtundu wathu utchukeko."

Tinaseka. Fabiano sindinkadana naye. Fizi sanaibe ndi iye, ndipo pa anthu onse a kwathu ndi iye yekha amene ankawononga ndalama yake kuti amve mawu anga.

Ndinabwerera patapita zaka zingapo, nyengo ya dzinja. Miyezi imeneyo nyanja imakwiya, alendo amachepa, ndipo Piti anatseka msasa. Ndinati ndikaone amayi, mvula ikatha ndibwerere. Nditatsika minibasi ana ananditsatira mpaka kunyumba akukuwa kuti wabwera wa ola uja. Akuluakulu ankabwera kudzandigwira chanza n'kumandiyang'ana pakhosi ngati pali mabowo a nsomba. Ndinafotokoza za botolo mpaka kutopa. Ankagwedeza mutu, kenako n'kunong'onezana kuti munthu sangaulule mankhwala ake.

Sabata isanathe, m'mawa wina dzuwa litakwera, kunamveka mfuu kuchokera kumtsinje. Mvula inali itagwa kumapiri ndipo madzi anadzaza. Fabiano ankachokera ku boma ndi thumba la feteleza panjinga. Anayesa kuoloka atanyamula njingayo paphewa. Amayi ena amene anali kutsidya anamuona akuterereka, madzi n'kumukokera m'dziwe limene lili kumunsi kwa pooloka, pansi pa mikuyu. Njinga anaikoka ndi nsungwi. Iye sanatulukenso.

Nditafika ndinapeza mudzi wonse uli m'mbali mwa dziwe. Anthu anapatuka kundipatsa njira ngati wafika dokotala. Ndinadziwa pomwepo chimene ankafuna. Madzi anali ofiira ngati thobwa, akuzungulira, akukoka zinyalala ndi nthambi.

Amalume anabwera, maso ali psuu. "Dominiko, m'bale wako ali pansi apa. Kamutenge."

"Amalume, nthawi yapita. Fabiano sali moyo."

"Ndikudziwa. Ndikufuna thupi lake. Mwana wanga sangadyedwe ndi nkhanu, ine n'kukwirira nthochi."

Kwathu munthu akasowa m'madzi, adzukulu amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake. Maliro amachitika ndithu, koma aliyense amadziwa chimene chili m'bokosimo.

"Ndilibe botolo pano," ndinatero. "Ndilibe magalasi. Popanda zimenezo ndine munthu ngati inu nomwe. Madzi awa sindingaone ngakhale dzanja langa."

"Azungu umawalowera ola lathunthu. M'bale wako ukumuwerengera mabotolo?" Anatsitsa mawu, koma osati kwambiri moti ena asamve. "Kapena nkhani ya sukulu ija ikadali mumtima?"

Kumbuyo kwanga mayi wina anati, "Munthu wangofika dzana, lero madzi atenga msuweni wake. Mankhwala a m'madzi amafuna m'bale." Wina anamuletsa, koma mawu anali atatuluka kale. Ndinaona mmene anayendera pankhope za anthu. Ndikakana, ndiye kuti ndamupereka Fabiano kuti ndikhwime. Ndikalowa, mwina sindituluka.

Ndinavula malaya. Ndinaitanitsa chingwe, wina anathamangira kukamasula cha pangolo. Ndinachimanga ndekha m'chiuno n'kupereka mbali inayo kwa amalume ndi amuna ena amphamvu.

"Tamverani bwino. Ndikakoka chingwechi mwamphamvu, mundikokere kumtunda nthawi yomweyo. Musadikire. Mwamva?"

"Tamva, lowa."

Ndinalowa koyamba. Kuzizira, mdima, mchenga ukukwapula m'maso. Ndinapapasa matope ndi mizu, chifuwa chinayamba kutentha, ndinatuluka. Wina pagombe anati, "Aa, watuluka kale?" Ndinapuma n'kulowanso. Ndinagwira chinthu chofewa, ndinayesa ndi iye, koma linali thumba la feteleza lija. Nditatuluka amalume anakuwa kuti ndisamaseweretse anthu, ndipite pansi penipeni pamene pali mizu.

Kachitatu ndinapita pamizupo. Madzi anandizunguza, anandilowetsa pansi pa muzu waukulu n'kunditulutsira mbali ina. Nditafuna kukwera, chingwe chinandigwira. Chinali chitakola. Ndinachigwira mbali yopita kumtunda n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Ndinakokanso. Sichinayankhe. Chala chija chinabwera pakhosi, ndipo kuno kunalibe Piti woti ndimuonetse chizindikiro. M'makutu munayamba kulira. Ndinadzikoka ndi chingwe chomwecho kubwerera pamuzu kuti mfundo ifewe, zala zikuterereka, ndinamwa madzi, ndinamwanso. Sindikudziwa kuti ndinaimasula bwanji. Ndinangomva ndapepuka, madzi akundikokera kumunsi.

Ndinatulukira m'bango, patali ndithu ndi pamene panali anthu. Ndinagona m'matope ndikusanza. Nditayamba kumva bwino, ndinamva nyimbo ya maliro.

Ndinayenda chokwawa mpaka kufika kumbuyo kwawo. Palibe amene anandiona. Onse maso anali pachingwe. Amayi a Fabiano ankagubuduka pansi, azimayi a kwaya anali atayambitsa nyimbo, amuna atavula zipewa. Amalume anali atagwira chingwe ndi manja awiri ngati msodzi, osakoka, akuuza anzawo kuti, "Dekhani, wamupeza. Msiyeni amugwire bwinobwino. Mukakoka msanga amutaya."

Amayi anga okha ndi amene sankaimba. Anali atalowa m'madzi mpaka m'mawondo, akulimbana ndi mwamuna wina amene ankawaletsa kugwira chingwecho.

"Ndili kuno," ndinatero.

Nyimbo inaduka. Amalume anatembenuka n'kuyang'ana m'manja mwanga, osati kumaso.

"Ali kuti?"

"Ndinakoka chingwe. Bwanji simunandikoke?"

"Timayesa ukutiuza kuti wamupeza. Ndipo unali usanakhalitse n'komwe. Iwe si wa ola?"

Ndinalibe mpweya wowatukwanira. Ndinangokhala pansi. Iwo anayamba kukoka chingwe chija, chinakana, ndipo anatuma mnyamata kuti akatenge china. Anati ndipume pang'ono, popeza malo ake ndawadziwa tsopano. Anthu anavomereza. Chingwe chatsopano chitafika amalume anachigwira n'kubwera kuti andimange okha.

Amayi anatuluka m'madzi, chitenje chikudontha, n'kuima pakati pa ine ndi alongo awo. Mawu awo sanakwere.

"Achimwene, mwana wanga salowanso."

"Iwe, chokapo. Izi si nkhani za akazi."

"Wanu wapita, ndipo ndikulira nanu. Ndinamulera nane Fabiano. Koma mukufuna mawa tidule nthochi ziwiri?"

"Ukuyankhula ndi ine choncho? Mbumba iyi mwini wake ndani?"

"Ndinu. Uyu ndinabereka ndine."

Analanda chingwecho m'manja mwa amalume, anachiponya pansi n'kuchikhalira. Panalibe mwamuna amene akanayerekeza kunyamula mayi wamkulu pamaso pa anthu. Tinakhala choncho, iwo pachingwe, ine pambali pawo, mpaka anthu anayamba kubalalika.

Amuna anafufuza ndi nsungwi kumunsi kwa mtsinje masiku angapo. Fabiano sanapezeke. Tinakwirira nthochi. Pamanda nditatola dothi kuti ndiponye, amalume anandigwira dzanja n'kulitsitsa. Ndinalirira panjira, ndekha, chifukwa amene akanandiseka kuti ng'ona yalephera dziwe la kumudzi anali yemweyo amene sitinamupeze.

Mvula inatha. Piti anatumiza uthenga kudzera kwa dalaivala kuti msasa watsegulidwa ndipo malo anga alipo. Chikwama ndinalongedza. Kumeneko kuli apolisi ndi mafunde, koma munthu ukakoka chingwe amakukoka. Ndinali wokonzeka kusiya mudzi uno kachiwiri, ndipo ulendo uno osadzabweranso.

M'mawa wa tsiku loti ndinyamuke ndinadutsa pamjigo. Amayi anali atadzaza ndowa yawo yaikulu. Kwathu mkazi sasenza yekha ndowa yotere, mnzake amene ali pafupi amamusenzetsa osapemphedwa. Panali azimayi ambiri pamenepo, ena akuchapa, ena akudikira. Onse anayang'ana kumbali. Amayi anaima, nkhata ili pamutu, manja ali pandowa, akudikira. Sanapemphe aliyense. Mmene anaimiramo ndinadziwa kuti silinali tsiku loyamba.

Ndinaika chikwama pansi n'kulowa pakati pa azimayiwo. Ndinagwira ndowa mbali ina.

"Minibasi ikusiya," amayi anatero.

"Zimabwera zambiri. Gwirani uko."

Tinakweza. Madzi anatayikira pamalaya anga oyendera, ndipo wina kumbuyo anaseka. Amayi anakonza nkhata n'kuyamba kuyenda. Ndinatola chikwama changa n'kuwatsatira kunyumba.

Papita nyengo ziwiri za fodya tsopano. Ndimalima mtedza m'munda wa amayi ndipo ndimakonza injini za zigayo anthu akandiitana, ngakhale ena safuna kuti ndikhudze zawo. Amalume sitiyankhulana. Mtsinje ukadzaza ndimazungulira kumlatho ngakhale kuli kutali. M'mawa uliwonse ndimapita pamjigo, mwamuna ndekha pakati pa azimayi, kukasenzetsa amayi ndowa.